Tsiku limene ndinasinthira Azakhali ahedi a laputopu

Azakhali anandiyimbira foni Lachiwiri lina m'mawa, ndili mu minibasi kupita ku ntchito. Iwo akayimba nthawi ngati imeneyo nthawi zambiri kumakhala kuti kwagwa zovuta kumudzi, ndiye mtima unayamba kugunda ndisanayankhe n'komwe. Koma kunali kwabwino, anthu onse anadzuka. Vuto inali laputopu.

"Iwe, chinthu chako chija chikundiuza kuti chikutha mu Okutobala. Ndiye tichitaye?"

Amati "chinthu chako" chifukwa ndinawagulira ndine, ku Limbe, yogwirapo kale ntchito, ya mtundu uja umabwera kuchokera kunja maofesi a kumeneko akatopa nayo. Pansi pake panali kachizindikiro ka Windows 7 kofufutika, koma wogulitsa anali ataikamo Windows 10. Azakhali ndi mphunzitsi wopuma, anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa makumi atatu, pano amakhala ku Zomba. Ndi mlembi wa amayi a Mvano pampingo pawo, ndi mlembinso wa banki m'khonde ya m'dera lawo. Pa laputopuyo amalembapo maminitsi, makalata oitanira anthu ku misonkhano, ndi ndandanda wa amene abweza ngongole ndi amene akuzembazemba. Madzulo amaonerapo timavidiyo ta zidzukulu zawo za ku Johannesburg. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Uthenga umene unawaopsawo unali woona, koma sunali wa imfa. Microsoft inalengeza kuti pa 14 Okutobala 2025 isiya kutumiza ma update a chitetezo aulere a Windows 10. Kompyuta siizima tsiku limenelo. Imayaka, imalemba, imaimba nyimbo monga kale. Kungoti mbava za pa intaneti zikatulukira chiboo chatsopano, palibenso amene amabwera kudzachitseka. Njira imene Microsoft ikufuna ndi yoti munthu akwere pa Windows 11, koma iyoyo imasankha makina: imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel (purosesa ndi ubongo wa kompyuta) imayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Ya Azakhali ndi Core i5 ya m'badwo wachitatu, ya cha m'ma 2012, RAM yake, malo amene imagwiriramo ntchito ikayaka, 4GB. Sinayandikire n'komwe. Panalinso dongosolo lowonjezera chaka chimodzi cha ma update mpaka Okutobala 2026, koma kumeneko ndinaona kuti n'kungokankhira mlandu kutsogolo.

Nditafika kwawo kumapeto kwa sabata imeneyo, ndinayesa kuwafotokozera kuti operating system n'chiyani. Ndinayamba ndi mawu a m'mabuku, iwo akungondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako ndinati, "Azakhali, laputopuyi ndi sukulu. Mapulogalamu, monga Word uja mumalembera, ndi aphunzitsi. Windows ndi ahedi. Ndi amene amasunga makiyi, amagawa makalasi, amanena kuti uyu alowe nthawi yakuti, uyu adikire."

"Ndiye ahedi akupuma ntchito?"

"Eya."

"Sukulu siitsekedwa chifukwa ahedi apuma. Kubwera ena." Anakhala chete pang'ono, n'kuwonjezera, "Koma aphunzitsi ena sagwirizana ndi ahedi atsopano, amapempha transifa."

Ndikanamvetsa bwino mawu achiwiriwa tsiku lomwelo, sindikanachita manyazi amene ndinadzachita ndi msuweni wanga patapita miyezi iwiri. Tifikako.

Ahedi ena amene ndinali nawo m'maganizo ndi Linux. Ine ndinakumana nayo mu 2010 ndili ku koleji, mnzanga wina atandipatsa CD ya Ubuntu, mtundu umodzi wa Linux, m'kachikwama ka pepala. Masiku amenewo kampani ya Canonical, eni ake a Ubuntu, inkatumiza ma CD amenewa pa positi kwaulere kwa aliyense wopempha, ndipo inachita zimenezi mpaka 2011. Kwa ife amene intaneti yathu inali ya ka dongo koyenda ngati birimankhwe, CD yobwera yokha kuchokera kunja inali chozizwitsa. Dzina lakenso silinali lachilendo m'makutu. Ubuntu ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa, ife timati umunthu. Anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene analemera atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999, mu 2002 n'kukwera chombo cha ku Russia kupita mumlengalenga, ndipo mu Okutobala 2004 n'kutulutsa Ubuntu yoyamba. Mtima wa zonsezi, Linux yeniyeniyo, anaulemba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali mwana wasukulu ku yunivesite ya ku Helsinki. Ubuntu, Debian, Fedora, Mint ndi enawo ali ngati nsima zophikidwa ndi ufa wa m'thumba limodzi koma ndi manja osiyana. Ngakhale foni ya Android imene Azakhali anandiyimbira ija, pansi pake pali Linux.

CD ija ndinaiyika usiku womwewo, osafunsa munthu. Laputopu yanga inali yogawidwa pawiri, C ndi D, monga momwe anyamata okonza makompyuta amagawira: Windows ku C, katundu wako ku D. Ku D kunali zithunzi zonse za chinkhoswe cha achemwali anga, zimene ndinajambula ndekha ndi kamera yobwereka. Pulogalamu yoikira itandifunsa ngati ndikufuna kugwiritsa ntchito disiki yonse, ine m'mutu mwanga ndinamva kuti ikunena C yonse. Ndinadina. Patapita theka la ola ndinali ndi Ubuntu yokongola ya mtundu wa pepo, ndipo D kunalibe. Sanandinamize munthu, chenjezo linalembedwa poyera pasikirini, ine ndi amene sindinawerenge. Achemwali mpaka lero pakakhala mwambo pabanja amanena mokweza kuti kamera asandipatse ine.

Mukanaganiza kuti ndinaleka. Ayi ndithu, m'pamene matenda anayamba. Zaka zotsatira ndinkasintha Linux ngati malaya. Mwezi uno Fedora, mwezi wamawa openSUSE, ndikawerenga penapake kuti akatswiri enieni amagwiritsa ntchito Debian, Loweruka lomwelo ndafomata. Ndinkataya masiku awiri kukonza kuti mawu azimveka ndi kuti pulinta izigwira, ndikamaliza n'kumva kuti kwatuluka ina. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchito yeniyeni imene ndinagulira kompyuta, kulemba, inkangodikira. Ndinadzakhazikika pa Linux Mint osati chifukwa ndinapeza kuti ndi yopambana zonse, koma chifukwa ndinatopa.

Ndiye pamene ndinkasankhira Azakhali, ndinali nditadutsamo mokwanira kuti ndisakhulupirire kwambiri mikangano ya pa intaneti yoti kodi yosavuta kwa woyamba ndi iti. Ambiri amene amakangana zimenezo ali ndi intaneti yosatha, magetsi osazima, ndi kompyuta ina yapadera pambali yofufuzira yankho iyi ikakana kuyaka. Kuno funso limabwera ndi zinthu zina. Fayilo yoikira Mint kapena Ubuntu ndi ma GB angapo, ya Mint pafupifupi atatu, ndiye uyenera kuganizira bandulo kapena kupempha wifi ya ku ntchito. Batire ya laputopu yakale nthawi zambiri inafa kalekale, ndipo magetsi akazima uli pakati poika sisitimu, umatsala ndi makina osayaka mbali iliyonse. Koma chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti, chinthuchi chikadzavuta Lachitatu masana, iwe uli ku Blantyre, gogo ali ku Zomba, adzathamangira kwa ndani? Mnyamata wa pa shopu ya mafoni pamsika amadziwa Windows ngakhale ali m'tulo. Mukamupatsa Linux, mankhwala ake ndi amodzi: kufomata n'kubwezeretsa Windows, nthawi zambiri ija imalemba "Activate Windows" pakona mpaka kalekale.

Za macOS sindinataye nazo nthawi, imabwera ndi makompyuta a Apple okha, ndipo mtengo wake ndi nkhani ya tsiku lina. ChromeOS Flex ya Google imadzutsadi makina akale, koma moyo wake wonse uli pa intaneti, pamene Azakhali amayatsa data pokhapokha akafuna kutumiza kanthu, akatero n'kuzimitsa msangamsanga ngati mpopi wa madzi. Zorin OS, yopangidwa ku Ireland, ndinaiganizirapo ndithu, chifukwa anaipanga dala kuti munthu wochokera ku Windows asasochere. Ndi yabwino. Koma ine sindiigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mint ndimaidziwa moti Azakhali akaimba n'kunena kuti "pali kachishango pansi apa kali ndi kadontho," ndikhoza kuwayankha ndili pamzere ku banki, osaona sikirini yawo. Chimenecho n'chimene chinagamula. Kuphweka kwa sisitimu kwa munthu woyamba sikukhala mu sisitimumo mokha, kumakhalanso mwa munthu amene adzayankhe foni.

Zina zonse zinangothandizira. Mint, imene anaiyambitsa Clément Lefèbvre wa ku France mu 2006, imaoneka ngati Windows 7: batani la menyu pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, mafoda ooneka ngati mafoda. Mint 22 inatuluka mu Julayi 2024 ndipo izilandira ma update mpaka 2029. Inamangidwa pa Ubuntu 24.04, ndiye malangizo ambiri olembedwera Ubuntu amagwiranso pa iyo. Manambala a Ubuntu, pongodutsa, ndi chaka ndi mwezi: 24.04 ndi Epulo 2024, ndipo zaka ziwiri zilizonse mu Epulo kumatuluka ya LTS imene amaisamalira zaka zisanu. Woyamba asamatengeke ndi zotuluka pakatipo. Atenge ya nthawi yaitali, aiwale.

Komabe tsiku limenelo sindinasinthe kanthu. Ndinangoika LibreOffice, yolembera, ndi Firefox, yolowera pa intaneti, pa Windows yawo yomweyo, poti ndi mapulogalamu amene adzawapeze pa Mint, n'kuwapempha kuti kwa mwezi umodzi azilembera mu LibreOffice m'malo mwa Word. Ili ndi phunziro limene ndinalipeza mochedwa: munthu sagwiritsa ntchito Windows, amagwiritsa ntchito mapulogalamu atatu kapena anayi. Mukamusinthira ahedi ndi aphunzitsi tsiku limodzi, chilichonse chovuta adzanena kuti ndi ahedi. Sabata yoyamba anadandaula tsiku lililonse. Batani lakuti analisunthira kuti, tebulo likukana kukula, chifukwa chiyani ikufunsa mtundu wa fayilo posunga. Ndinawakonzera kuti izisunga yokha ngati docx, mtundu wa mafayilo a Word. Sabata yachitatu madandaulo anatha, anabwerera ku nkhani za amene sakubweza ngongole ku banki m'khonde.

Loweruka lina mu Ogasiti ndinakwera minibasi ku Limbe ndi chikwama muli mafulashi awiri, hard drive yakunja, sikuludiraiva yaing'ono, ndi SSD yatsopano, disiki yothamanga yopanda chozungulira m'kati. SSD imeneyi ndi imene ndikufuna muikumbukire. Makina akale ambiri amene anthu amati atopa, chotopa ndi hard drive yozungulira ija, osati purosesa. Koma ndinaigulanso pa chifukwa china. M'malo mofufuta Windows, ndinaganiza zochotsa disiki yakaleyo yathunthu, Windows ndi zonse zili momwemo, n'kuika Mint pa yatsopano. Zikavuta, masikuluwu awiri, disiki yakale yabwerera, Azakhali ali pamene analili. Munthu amene anataya zithunzi za chinkhoswe sadinanso batani lofufuta pa kompyuta ya mwini wake.

Ngakhale zinali choncho, tinayamba ndi kukopera mafayilo, ndipo ntchito imeneyi inatenga nthawi kuposa china chilichonse. Ndinakhala nawo pamphasa pakhonde, laputopu pa kampando.

"Mafayilo anu mumasunga kuti, Azakhali?"

"Mu kompyutamo."

Ena anali pa Desktop, osanjikizana mpaka chithunzi cha kumbuyo osaoneka. Ena mu Downloads, maminitsi amodzimodzi kasanu, lililonse ndi nambala yake kumapeto. Nditati tamaliza, anandigwira dzanja.

"Za mu kabini umo watenga?"

Ankanena Recycle Bin. Kwa zaka zinayi ankasungamo dala makalata amene "mwina adzafunikanso," monga momwe amasungira mapepala akale m'katoni pansi pa bedi. Munali mafayilo oposa zana. Ndikanangokopera Documents monga amachitira anyamata ofulumira, bwenzi pabanja pathu pali milandu iwiri ya ine. Kenako mapasiwedi. Imelo yawo inkangotseguka yokha kuyambira tsiku limene ndinawatsegulira, pasiwedi sankaidziwa, ineyo ndinaiwala. Tinaisintha kudzera pa nambala ya foni yawo Windows idakali yamoyo, iwo n'kuilemba ndi bolopeni yofiira kuchikuto cha m'kati cha hadikava ya Mvano.

Ubwino wina wa Linux ndi wakuti umatha kuilawa usanaiike. Fayilo ija umailemba pa fulashi ndi kapulogalamu monga Rufus kapena balenaEtcher, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashipo. Poyatsa umadinadina batani lotsegula menyu yosankhira: pa Dell ndi Lenovo zambiri ndi F12, pa HP ndi F9. Mint imadzuka yonse kuchokera pa fulashi osakhudza disiki, ndipo umayesa zonse, mawu, kamera, kiyibodi, wifi. Kwa ife mawu anamveka, kamera inaonetsa nkhope ziwiri zodabwa, koma wifi kunalibe ndi fungo lomwe. Zimachitika ndi timakadi tina ta wifi timene dalaivala wake, kapulogalamu kotiyendetsa, sabwera pa fulashipo. Kuti umupeze pamafunika intaneti, kuti upeze intaneti pamafunika wifi. Njira yotulukira ndi foni: kuilumikiza ndi chingwe cha chaja, kuyatsa USB tethering, Mint imaiona ngati intaneti ya waya popanda kufunsa kanthu. Titamaliza kuika sisitimu ndinatsegula Driver Manager, inapeza yokha dalaivala wosowayo, wifi n'kudzuka.

Tisanayambe kuika, Azakhali anatuma mwana kukafunsa kwa aneba ngati amva chilichonse za magetsi tsiku limenelo. Yankho linabwera lakuti dzulo anazima 2 koloko. Inali 11 koloko. Kuika kwenikweniko sikunafike ndi theka la ola lomwe, ndipo magetsi anadzazima titadya kale nsima. Disiki yakale ndinaikulunga mu envulopu ya khaki, iwo analembapo "WINDOWS, OSATAYA," n'kuiika m'kabati ya mbale za alendo, kuseri kwa makapu amene satuluka chaka chonse.

Ndinawaikira Mint ya kaonekedwe kotchedwa Cinnamon, yofanana ndi yanga. Pa makina ofooka kuposa awa pali ya Xfce, yopepuka. Ndinayatsanso Timeshift, imene imajambula mmene sisitimu ilili kuti update ikasokoneza ubwerere pa dzulo, ngakhale iyo sisunga makalata ako, amenewo ndi ntchito ya fulashi. Ma update ndinawaonetsa kuti Mint imangokuuza kuti alipo, siyamba kukoka yokha usanailole. Anasangalala nazo kwambiri chifukwa cha bandulo. Kunena chilungamo, Windows nayo ili ndi malo ouzira kuti intaneti iyi ndi yogula pang'onopang'ono, amati metered connection, kungoti anthu ambiri sanauzidwepo.

Mayeso enieni anabwera madzulo. Anatsegula tsamba loyera kuti alembe kalata, analemba adiresi, anafika pa dzina la dziko, anaima.

"W wa kadenga ali kuti?"

Azakhali ndi a m'badwo umene sulemba Malawi wopanda kadenga pa w. Kwa iwo ndi Malaŵi, ndipo ana amene anawaphunzitsa amakumbukira bolopeni yofiira ija. Pa Windows ankasunga fayilo ina yake yokhala ndi chilembo chimodzi chokhacho, ŵ, n'kumakopera kuchokera mmenemo nthawi iliyonse.  Ndinalowa m'makonzedwe a kiyibodi, n'kusandutsa batani la Alt la kumanja kukhala limene amati Compose. Tsopano akadina limenelo, kenako kachizindikiro ka ^, kenako w, ŵ amatuluka. Anayesa kamodzi. Anayesanso. Analemba mzere wathunthu wa ŵŵŵŵŵ ngati mwana wa Sitandade 1, akuseka okha.

"Zaka zonsezi bwanji sunandiuze?"

Sindinawauze kuti ngakhale mu Word zinali zotheka, kulemba 0175 n'kudina Alt ndi X. Ndinalola kuti ulemu upite kwa ahedi atsopano.

Patapita masabata awiri Mint inapezanso mbiri ina imene sinaivutikire. Amayi ena a ku banki m'khonde anabwera ndi fulashi akulira kuti mafayilo onse asanduka ma shortcut atapita nayo kokapulinta. Vayirasi ameneyu aliyense amene anapitako ku shopu zopulintira amamudziwa: amabisa mafoda enieni n'kuika zithunzithunzi zake zimene ukadina zimamufalitsa. Analembedwera Windows, ndiye pa Linux sathamanga, ndipo mafoda obisika aja amangooneka poyera. Ndinawatsogolera pa foni, anakopera mafayilo enieniwo, tinafomata fulashiyo. Kuchokera tsiku limenelo laputopu ya Azakhali inatchuka m'dera lonse kuti siigwidwa matenda. Ndinayesa kuwongola kuti si choncho kwenikweni, kuti uthenga wabodza wopempha pasiwedi kapena PIN umapusitsa munthu pa sisitimu iliyonse, koma mbiri ikayenda yayenda.

Vuto limodzi lenileni linali la makalata opita kokapulinta. Kalata yokwana tsamba limodzi kunyumba inkafika ku shopu itadumphira pa tsamba lachiwiri, siginecha ili yokha pamwamba. Chifukwa chake ndi mafonti. Calibri ndi Times New Roman ndi a Microsoft, sabwera ndi Mint, ndiye LibreOffice imaika ena m'malo mwake, ndipo fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina mizere imatha kusuntha. Pali mafonti opangidwa dala kuti akhale ndi miyeso yofanana, Carlito m'malo mwa Calibri ndi Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, koma mankhwala achidule ndi PDF. Chopita kokapulinta chilichonse, batani la PDF. Nkhani inathera pomwepo.

Apa m'pamene ndinayamba kudzimva. Msuweni wanga ali ndi kashopu ku Bangwe: kutayipa, fotokope, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zithunzi za pa ziphaso. Tsiku lina akudandaula za mavayirasi a m'mafulashi a makasitomala, ine ndinati, "Aphiri, vuto lanu ndi laling'ono. Azakhali amene aja pano ali pa Linux." Sindinamufunse funso limene ndinafunsa Azakhali, loti kodi tsiku lonse amatsegula mapulogalamu ati. Sindinamupatse mwezi woyeserera. Ndinangopita Lamlungu masana ndi fulashi yanga.

Ntchito yake yonse ili mu CorelDRAW ndi Photoshop, ndipo awiriwa alibe mtundu wa Linux. Aphunzitsi aja okana ahedi atsopano ndi amenewa. Ndinamuonetsa Inkscape ndi GIMP, amene ndi mapulogalamu amphamvu ndithu, koma munthu amene manja ake akhala zaka khumi akudziwa pamene pali batani lililonse sangaphunzirenso kasitomala ataima pakhomo akufuna makadi mazana awiri pofika Lachisanu. Mafayilo ake akale ena ankatseguka maluwa atasuntha, malemba atasintha. Pulinta inkapulinta, koma mbali yake ya sikana inakana. Lachinayi m'mawa foni inalira.

"Achimwene, bwerani mudzachotse zinthu zanuzi. Lero lomwe."

Mwamwayi Windows sindinaifufute. Ndinaika ziwirizi pa disiki imodzi, zimene amati dual boot: poyatsa pamabwera kamenyu kakuda kotchedwa GRUB, umasankha kolowa. Ndinangosintha kuti Windows izikhala yoyamba, n'kumuuza kuti Mint ikhalepo yotsegulira mafulashi okayikitsa. Zinamveka zanzeru. Koma nyumba ya mabanja awiri ili ndi timikangano take. Windows ikazimitsidwa ndi Fast Startup siizima kwenikweni, imagona, ndipo imasiya disiki yake yokhoma moti Linux imangowerenga osatha kulembapo. Pa makina atsopano pamakhalanso BitLocker, loko wa disiki ya Windows, imene ikaona kuti kayatsidwe kasintha imatha kufuna kiyi wa manambala 48, ndipo amene sanamusunge amalira. Izi ndinali nditazikonzeratu. Chimene ndinaiwala ndi wotchi.

Mu kompyuta muli kawotchi koyendera kabatire kake. Windows imayembekezera kuti kawotchiko kali pa nthawi ya kwanuko, pamene Linux imakaika pa UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse lapansi, n'kumawonjezera yokha maola a dera lanu. Malaŵi ali maola awiri patsogolo pa UTC. Ndiye msuweni akalowa mu Mint kukatsuka fulashi, n'kubwerera ku Windows, wotchi inkabwerera m'mbuyo maola awiri. Tsiku lina anakhala phee akukonza pulogalamu ya maliro, pakona pakuonetsa 1 koloko, anamfedwa atamuuza kuti abwera 3 koloko. Anangoona anthu ali pakhomo. Kukonza kwake ndi mzere umodzi mu terminal, kawindo kolemberamo malamulo a kompyuta, timedatectl set-local-rtc 1, koma pofika pamenepo chikhulupiriro chinali chitatha. Mapanga awiri avumbwitsa, anatero yekha, ndipo sindinatsutse. Choseketsa n'chakuti kompyuta yake inali yatsopano bwino, yokwanira Windows 11, ndipo kukwera kuchoka pa Windows 10 yovomerezeka n'kwaulere. Panalibe chifukwa chomusamutsira poyamba pomwe, kupatula kunyada kwanga. Tinachotsa Mint, tinamukweza pa 11, ndinamusiyira fulashi ya Mint yoyatsira pa kompyuta yakale ya pakona akafuna kutsuka mafulashi a anthu. Imeneyo amaigwiritsa ntchito mpaka lero, ngakhale savomera pagulu.

Amene akuganiza zobwerera ku Windows kuchokera ku Linux adziwe kuti ulendo wobwerera uli ndi zake. Windows siiwerenga disiki ya ext4 imene Linux imagwiritsa ntchito, ndiye mafayilo ayambe atuluka kupita pa disiki yakunja ya exFAT kapena NTFS, zimene mbali zonse ziwiri zimawerenga. FAT32 ya pa mafulashi ambiri imakana fayilo yoposa 4GB, vidiyo ya ukwati siilowa. Fulashi yoikira Windows ndi yosavuta kuipanga uli pa kompyuta ya Windows, choncho ipangeni musanasamuke, muisunge.

Okutobala 14 anafika n'kudutsa, Azakhali osadziwa n'komwe. Envulopu ya khaki ikadali kuseri kwa makapu. Pa Khirisimasi ndinawafunsa ngati ndingatenge disikiyo ndikaigwiritse ntchito ina, anakana, akuti palembedwa kuti osataya.

Sabata yatha foni inaliranso m'mawa, ndili mu minibasi. Mtima unagundanso chimodzimodzi.

"Iwe, amayi a msungichuma akuti laputopu ya mwana wawo nayonso ikulemba zija. Akufuna ahedi ngati anga."

"Mwanayo amaigwiritsa ntchito yanji, Azakhali?"

"Ali ku koleji. Kaya amati zowerengera chiyani, za ma statistics."

"Mumufunse dzina la pulogalamu imene amagwiritsa ntchito ku sukuluko. Alembe papepala, asanene pakamwa."

"Udzamufunsa wekha Loweruka. Ubwere ndi kafulashi kako kaja. Ndi shuga, kuno wakwera."